Apongozi Osesa, Mkamwini Wosamba

Amayi anga akadzamwalira, ndikukhulupirira kuti adzadzuka kaye m'bokosi kuti aone ngati pakhomo pasesedwa anthu a pamaliro asanafike. Kwathu kwa Katunga palibe amene salidziwa tsache lawo. Nkhuku zisanatsike mumtengo iwo amakhala atayamba kale kukanda bwalo, ndipo akamaliza amasiya mizere yokongola moti mlendo amachita manyazi kupondapo. Mapoto amawakwecha ndi mchenga mpaka munthu umadziona mano. Khonde amalizira ndi dothi lakuda la kudambo, n'kuyika malamulo a kakhalidwe pamenepo. Nkhuku zathu zinakula zikudziwa kuti zikamva m'mimba zizipita kwa aneba.

Ndipo ntchitoyo siitha. Ife tili pafupi ndi minda ya nzimbe, ndipo nyengo yodula ikafika amayamba aiotcha mindayo kuti masamba apse. Mphepo ikatembenukira kwathu, phulusa lakuda limagwera pa zovala zoyanika, mu ufa, ngakhale m'tsitsi. Anthu ena amangoliyang'ana n'kunena kuti mawa ligwanso. Amayi ayi. Amayamba alitukwana phulusalo pamodzi ndi makolo ake, kenako n'kutenga tsache uku akuimba nyimbo za kwaya.

Amuna anga anabwera pakhomo pamenepa ngati mkamwini. Iwo ndi Msena wa ku Nsanje, ndipo abale awo anawaseka kwambiri, poti kwawoko mwamuna ndiye amatenga mkazi, osati kunyamula chikwama n'kumutsatira. Koma ntchito yawo yothirira nzimbe inali kufupi ndi kwathu, ndiye anangopirira. Anaphunzira ulemu wathu wa Chimang'anja: mkamwini sayang'anana maso ndi apongozi ake aakazi, sadya nawo pamodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Amayi akafuna kuwauza kanthu ankauza ine, eni ake ali pomwepo.

"Uwauze apongozi angawo kuti denga la khola likudontha."

Amuna anga, makutu ali bwinobwino, ankadikira kuti ndibwereze, kenako n'kuyankha ine.

"Uwauze amayi kuti ndamva, takhuta." Kwawoko takhuta ndiye zikomo.

Ine ndinali lamya ya pakhomo, yosafuna mayunitsi.

Ndinene zoona, nthawi imeneyo amuna anga sanali munthu waukhondo. Ankabwera kuntchito matope mpaka m'mawondo, n'kukhala pa khonde lozira lija, kumatafuna nzimbe ndi manja akuda bii, zotsalira n'kumalavulira pomwepo. Amayi ankanditumiza mawu, ine n'kumasankha oti angafike kwa munthu osamuvulaza.

Kenako kunabwera chaka cha kolera, madzi osefukira atangophwa. Mnzawo amene ankathirira naye limodzi anayamba kutsegula m'mimba ali kumunda. Amuna anga ndiwo anamukweza panjinga, kumumangirira kumsana kwawo ndi nsalu kuti asagwe, mpaka kutenti ya odwala. Mnzawoyo sanabwereko. Ine n'kuti ndili wotopa ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Mudzi wonse unkasamba m'manja nthawi imeneyo, ndowa za mpopi paliponse, fungo la klorini mpaka m'tchalitchi. Choncho amuna anga atayamba kusamba pafupipafupi tonse tinawayamikira. Amayi anandituma kuti ndiwauze kuti tsopano ayamba kukhala munthu.

Kolera inatha. Ndowa za mpopi zija anthu anayamba kuthiramo thobwa. Amuna anga okha ndiwo sanaleke.

Mwana anabadwa wamkazi, wofanana ndi bambo ake mpaka zala za kumapazi. Bambo akewo sanamunyamule. Poyamba sindinadabwe, amuna ambiri amaopa khanda, amati lilibe pogwira. Koma mwana anatuluka m'chikuta, analimba khosi, anakhala pansi, anayamba kukwawa, bambo ake akungomuyang'anira patali, manja ali kumbuyo ngati kapitawo woyendera ntchito. Mwana akakwawira kumene iwo ali, ankanyamuka n'kusamukira pa mpando wina. Tinsapato ankagula, tizipewa ankagula, nyimbo zachisena ankamuimbira ataima pakhomo. Koma kumugwira kokha, nkhabe, monga amanenera kwawo akamakana.

Kubafa ankalowa dzuwa litangopendeka, n'kutuluka nkhuku zikukwera mumtengo. Akakhudza mwangozi chiguduli cha pakhomo pa bafapo potuluka, ankabwereramo kukayambiranso. Chitseko cha nyumba ankatsegula ndi chigongono. Zovala za kuntchito ankazikoleka mumtengo wa masau kuseri, zinalibe chilolezo cholowa m'nyumba. Ndipo mwambo wathu unawabisa bwino zedi. Akamadyera okha kuseri, anthu ankati onani mkamwini waulemu. Akakana moni wa m'manja, ankati ndi munthu womvera malangizo a chipatala.

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakhomo pathu chimene chinamva ndi khosi langa. Mjigo wapafupi nafe madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu, ndiye amuna anga sankawakhulupirira. Ankafuna a mjigo wa kusukulu, kumene kuli mtunda ndithu, ndipo dzuwa la kuchigwa kuno mukulidziwa, silikambirana ndi munthu. Ine mwana kumbuyo, ndowa pamutu, kupita, kubwera, kupitanso. Kuseri kwa bafa kumene madzi ankatayikira kunamera nthochi yobiriwira kuposa za kudimba, moti m'chilimwe anthu odutsa ankaima n'kufunsa kuti tikuthira feteleza wanji.

Ndinayamba kuganiza mmene mkazi aliyense akanaganizira. Mwamuna wosamba chonchi akusambira ndani? Ndinafufuza m'foni mwawo, ndinapezamo nyimbo zauzimu ndi zithunzi za mapaipi. Ndinanunkhiza malaya, ankamveka klorini. Ndinakafunsa mayi wogulitsa zitumbuwa pa geti la kuntchito kwawo, amene amadziwa za mabanja onse a m'deralo. Iye anati amuna anuwo sayang'ana munthu, ngakhale chitumbuwa amalandirira m'pepala la m'thumba mwawo. Ndiye ngati panalibe mkazi wina, chinatsala n'chimodzi: bamboyu amanyansidwa nafe. Ine, mwana wake, ndi khomo lathu lonse.

Tsiku lina nditatula ndowa, m'khosi muli moto, ndinawauza amayi maganizo amenewa. Ndikanadziwa ndikanauza mbuzi.

Amayi anaimika tsache. "Wati khomo lake liti? Lino?"

"Ndangoti mwina, mayi."

"Munthu amene anabwera pano akulavula nzimbe pa khonde langa, lero akuona uve pakhomo panga ine?"

Nkhondo inayamba tsiku lomwelo. Popeza sakanatha kuwafunsa apongozi awo pamaso, amayi anaganiza zowayankha ndi ntchito. Tsamba likangogwa, tsache linali litafika kale. Miyala ya m'mbali mwa njira anaipaka laimu. Anachapa mphasa, mtondo, minsi, mpaka chingwe cha mbuzi. Mwana ankamusambitsa n'kumudzoza mafuta mpaka ankaterera m'manja ngati mlamba, kenako n'kumukhazika pa chitenje chochapa pakati pa bwalo, moyang'ana njira imene bambo ake ankadzera. Amuna anga ankafika, n'kumuzungulira mwanayo patali, n'kulunjika kubafa, kumene tsopano ankakhalitsa kuposa kale. Amayi ankatsonya n'kukasungunula laimu wina.

Madzi a zonsezi ankachokera pamutu panga. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, koma njovu zangazi sizinkayang'anana n'komwe.

Ndinatsimikiza mtima zoitana ankhoswe. Mawu ndinali nditakonza kale: mwamuna amene sangagwire mwana wake abwerere kwawo ku Nsanje, akasambe mu Shire mpaka ng'ona zimuzolowere. Kumjigo ndikamanena zimenezi anzanga ankaseka, inenso n'kuseka nawo, koma mumtima munkapweteka kwambiri. Bamboyu ndinkamukonda. Ndipo mwana wanga ankamusekerera wogulitsa makala kuposa bambo ake omubereka.

Ankhoswe asanapeze tsiku, kunabwera mlangizi wa zaumoyo, mayi wina wa yunifomu yabuluu amene ankayendera zimbudzi m'mudzimo. Linali Loweruka masana. Atalowa pakhomo pathu anangoti kakasi. Anati khomo lotere sanalionepo, ndipo akufuna adzabweretse anthu a midzi ina kuti adzaphunzire. Ine ndinamukokera kuseri kwa khitchini.

"Chonde musawatame, mungathire mafuta pamoto. Mayi angawa mutu wayamba kusokonekera ndi ukhondo. Dzana anachapa chingwe cha mbuzi."

Ndinkayembekeza kuti aseka, koma sanaseke. Anati matenda otero alipodi, a m'maganizo, ndipo ali ndi dzina lalitali lachingerezi, limene ine linandipulumuka asanamalize kulitchula. Anapempha kuti acheze ndi amayi. Tinakhala pa khonde tonse atatu, mlendo atapukuta kaye nsapato mosauzidwa.

"Agogo, mukapanda kusesa tsiku limodzi, chingachitike n'chiyani?"

"Pada."

"Kenako?"

"Kenako chiyaninso? Pada basi. Mawa lake ndisesa."

"Mtima sukuvutani, mwina kuganiza kuti wina adwala kapena amwalira chifukwa simunasese?"

"Afe ndi masamba, mwana wanga?"

"Nanga kukakhala ukwati, kapena zovuta kwa abale?"

"Tsache silithawa. Mwezi watha ndinali kuchinkhoswe kwa Kasisi, ndinavina, ndinagonako. Pobwera ndinapeza uyu wasandutsa pakhomo panga dzala." Apa ankaloza ine.

"Mukamasesa mumamva bwanji?"

"Kukoma. Ndikamaliza ndimakhala pompano ndi kapu ya tiyi, n'kumayang'ana ntchito yanga."

Ali mkati molankhula, gwafa linagwa mumtengo n'kugubudukira m'fumbi. Amayi analitola, analipukutira pa chitenje chimene anavala, n'kuliluma.

Apa ndiye mlangizi anaseka, n'kutembenukira kwa ine. "Amayi anuwa sakudwala, angokwiya chabe. Mufufuze amene wawakwiyitsa." Kenako anatifotokozera kusiyana kwake. Anati waukhondo amatsuka chinthu chifukwa chada, ndipo chikayera amaleka, kumtima kuli mbee. Wodwala uja amatsuka chinthu choyera kale, chifukwa m'mutu mwake mumabwera ganizo loopsa losaitanidwa, lomuuza kuti akapanda kutero kugwa tsoka. Akatsuka amapezako mpumulo pang'ono, ganizo lija n'kubweranso, iye n'kuyambiranso. Sakondwa nazo. Nthawi zambiri amadziwa yekha kuti zapitirira muyeso, koma kuleka sangathe, ndiye amabisa chifukwa cha manyazi. Zimamudyera nthawi, ntchito, ngakhale banja limene.

"Ena khungu la m'manja limachita kung'aluka," anatero.

Amayi anali atasiya kutafuna. Kuseri kunkamveka madzi akukhuthuka, poti amuna anga anaweruka msanga tsiku limenelo ndipo analowa m'bafa mlendo asanafike. Tonse atatu tinatchera khutu. Madzi aja anasiya. Posakhalitsa anayambanso.

"Iwe," amayi anandiitana motsitsa mawu. "Manja a apongozi anga unawaona liti?"

Munthu wogona naye nyumba imodzi, manja ake ankakhala kumbuyo kapena m'matumba, ine ndili kalikiliki kununkhiza makolala a malaya.

"Ine sindiwayang'ana kumaso," amayi anatero, "ndiye maso anga amathera m'munsi, kumene kuli manja. Tsiku lina akulandira mbale kwa iwe ndinaona magazi m'zala. Ndinangoti mwina ndi masamba a nzimbe."

Ndinanyamuka n'kukaima pa mpanda wa bango wa bafa lija.

"Bambo a mwana, tulukani."

"Ndatsala pang'ono."

"Mwakhala mukutsala pang'ono kuyambira chaka chatha. Tulukani ndione manja."

Panapita nthawi, kenako anatuluka, manja ali m'mwamba kuti asakhudze chiguduli. Anali otuwa, ong'alukang'aluka ngati dothi la kudimba madzi akaphwa, ndipo m'ming'alumo munali mofiira. Ndinawafunsa funso limene ndinasungira ankhoswe.

"Kodi timakunyansani? Ine ndi mwanayu?"

Anandiyang'ana ngati ndawamenya mbama. "Imwe? Nkhabe! Wauve ndine."

Ataima pomwepo, madzi akudontha m'zigongono, anandiuza zonse. Chiyambire tsiku limene anabereka mnzawo uja kumsana, ankamva ngati zinthu zija sizinachoke pathupi pawo. Ankadziwa kuti kolera inatha. Ankadziwa kuti sopo amapha tizilombo, ndipo kusamba kamodzi n'kokwanira. Koma akangoyandikira mwana, m'mutu munkabwera chithunzi cha mwanayo ali gone pa bedi la kutenti kuja, womupatsira matenda ali iwowo.

"Ndikasamba chimachoka pang'ono. Ndikatuluka chabweranso. Ndatopa, mayi a mwana. Ndiye nditaona amayi ayamba kuchapa paliponse pamene ndaponda, ndinati basi, nawonso aona kuti ndikubweretsa matenda pakhomo."

Ndinaseka misozi ikutsika. Miyezi yonseyo anthu awiri akuluakulu ankayankhana ndi sopo, aliyense akumva zake, ine ndikuwatungira madzi oti nkhaniyo ipitirire. Ndinamvanso chisoni chachikulu, chifukwa munthu amene ndinkamukonzera ulendo wa ku Nsanje ankazunzika yekha kuseri kwa mpanda, poganiza kuti akuteteza mwana wathu.

Ankhoswe ndinawatumizira uthenga kuti asavutike. Mlangizi uja anatilozera kuchipatala, kwa dokotala woona za maganizo. Amuna anga anapatsidwa mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, komanso ntchito yowawa kuposa mankhwalawo: kugwira chimene akuchiopa, kuyambira chaching'ono, n'kupirira osathamangira kubafa mpaka mantha atatsika okha. Inenso ndinapatsidwa yanga. Dokotala anati ndowa zanga zija, ngakhale ndinkatunga mwachikondi, zinkadyetsa matendawo. Pa mawu oti mwachikondiwo ndinangotsokomola. Anati madzi osamba akhale ofanana ndi a munthu wina aliyense, ndipo amuna anga akamandifunsa kuti kodi ayera, ndisamawatsimikizire mobwerezabwereza. Khosi langa linamukonda kwambiri dokotala ameneyo.

Sizinathe tsiku limodzi. Anayamba ndi kutsegula chitseko ndi dzanja, kenako kulowetsa zovala za kuntchito m'nyumba, kenako kupisa m'mbale imodzi ndi ine. Masiku ena ankapambana. Masiku ena ndinkawapeza akusamba m'manja ndi madzi a mumtsuko wakumwa, ife n'kuyambana. Amayi analeka kupaka miyala laimu n'kubwerera ku kusesa kwawo kwa masiku onse, kumene kwa anthu ena n'kochuluka ndithu. Mpaka lero amuna anga amati ganizo lija limawayenderabe, makamaka mvula ikayamba anthu n'kumatchula kolera, koma tsopano amalidziwa kuti ndi labodza, salipatsa mpando.

Chovuta kuposa zonse anachisiya kumapeto. Linali Lamulungu masana titangobwera kutchalitchi. Mwana n'kuti atayamba kuyenda dzandidzandi, ndipo anali atagubuduka kale m'fumbi, kukamwa kuli mbatata, mamina akulowera komweko. Ndinati ndiyambe ndamupukuta, koma amuna anga anati ndimusiye mmene alili, ndi zimene anagwirizana ndi dokotala. Anagwada pakati pa bwalo, thukuta lili kamukamu, n'kumunyamula.

Mwana anakuwa ngati wabedwa. Manja amenewo sankawadziwa. Anapalasa miyendo, anapindika msana, anandiitana ndi maso, ine n'kuyang'ana kumbali ngakhale mtima unkaduka. Bambo ake sanamutule. Ankayenda naye uku ndi uku, akumunong'oneza mawu amene ine sindinawamve. Pang'onopang'ono kulira kunatsika, kunatsala kusisima. Mwana anawagwira khutu, analikoka, analiyang'anitsitsa m'kati. Kenako anangoti duu, nkhope ya munthu amene ali pa ntchito yofunika, ndipo ndinaona malaya oyera a kutchalitchi akunyowa kuyambira pachifuwa kutsikira mu lamba.

Amuna anga anauma pomwepo. Maso awo anapita kubafa, ndipo ndinaona kuti miyendo ikufuna kutsatira.

"Kwathu kuno timati mwana akakukodzera ndiye kuti wakukonda," ndinatero.

Anayang'ana malaya, anayang'ana mwana. "Ndiye wandikonda kwambiri," anatero. "Zafika mpaka m'nsapato."

Kubafa sanapite. Anakhala pansi pamthunzi ndi malaya onyowawo, mwana ali pachifuwa, mpaka mwanayo anagona atagwiritsa khutu lija, malaya n'kuumira pathupi. Ine ndinalowa m'khitchini kuti ndikalire bwinobwino, ndingawadzutsire mwana.